Tisavule Chipewa Powerenga Prester John

Pali chiphunzitso china chimene chazika mizu pakati pa anthu ophunzira m'dziko muno, ndipo lero ndati ndichitsutse poyera. Chiphunzitsocho chimati buku la nkhani yopeka ndi nkhani yopeka basi. Ati ukaligwira uiwale kwanu, uiwale zimene makolo ako anaona, uzingoyang'ana luso la mlembi, kaumbidwe ka ziganizo ndi m'mene nkhani ikuthamangira. Ukangofunsa kuti nanga mlembiyu akunena bwanji chotere za anthu akuda, pomwepo akuti walowetsa ndale m'zolembalemba, ndiwe wosapsa. Mawu otere timawamva m'makalasi, timawamvanso m'malo omwera tiyi ndi zina m'mizinda yathu, ndipo owalankhulawo amadziyesa anthu otsogola. Ine ndikuti ayi, abale. Palibe munthu amene amawerenga buku ali m'malere. Aliyense amawerenga atakhala penapake, ndipo pamene wakhalapo pali mbiri yake.

Kuti tisamangokangana ndi mphepo, tiyeni titenge buku limodzi ndi malo amodzi. Bukulo ndi Prester John, limene analemba John Buchan wa ku Scotland ndipo linatuluka mu 1910. Malowo ndi Namitambo, m'boma la Chiradzulu. Funso langa n'lakuti: mnyamata kapena mtsikana wa pa Namitambo akatsegula buku limeneli, kodi akuwerenga buku lomwelo limene mnyamata wa ku Edinburgh anawerenga mu 1910? Zilembo n'zomwezo, masamba ndi omwewo, koma ine ndikukana kuti ndi buku lomwelo.

Kwa amene simunalione, nkhani yake ili motere. Kamnyamata kena, David Crawfurd, mwana wa m'busa wa ku Scotland, kakusewera ndi anzake m'mbali mwa nyanja usiku wa Sabata. Kumeneko akuona m'busa wakuda, John Laputa, amene masana analalikira m'tchalitchi, atavula zovala zake zaubusa n'kumazungulira moto ngati wamaula. Patapita zaka, David akupita ku South Africa kukagwira ntchito m'sitolo kudera lakutali, ndipo akukumananso ndi Laputa. Tsopano m'busayo akusonkhanitsa mitundu ya anthu akuda kuti igwetse ulamuliro wa azungu. Mphamvu yake akuitenga ku mkanda wa miyala yofiira yamtengo wapatali, umene akuti unali wa mfumu yakalekale, Prester John. David ndiye akuwononga chiwembucho. Laputa, atavulazidwa, akudziponya m'chiphompho cha m'phanga mkanda uli m'khosi, ndipo David akubwerera kwawo ali mponda matiki.

Ndisabise, bukuli n'lokoma. Buchan ankadziwa kuthamangitsa nkhani, ndipo ukaliyamba nsima imatha kuzizira. Kukoma kumeneko ndiye kukundichititsa kulankhula, chifukwa buku losakoma silisocheretsa munthu.

Buchan sanalote nkhaniyi ali m'tulo. Kuyambira 1901 mpaka 1903 anali ku South Africa, m'gulu la anyamata ogwira ntchito pansi pa Lord Milner, mkulu wa atsamunda kumeneko. Mu 1906 Azulu motsogozedwa ndi Bambatha anaukira boma ku Natal pokana msonkho watsopano, ndipo anaphedwa ambirimbiri. M'zaka zomwezo azungu a kum'mwera kwa Africa ankagona tulo ta mantha chifukwa cha mipingo yoima payokha ya anthu akuda, imene ankati ikuphunzitsidwa mwano ndi alaliki akuda a ku America. Mantha amenewo ndiwo Buchan anawaveka thupi n'kuwatcha John Laputa. Tsono mnyamata wa ku Edinburgh uja, powerenga, sankawerenga wopanda mbiri ayi. Mbiri yake inali yakuti amalume ake ali ku India, msuweni wake ali ku Nyasaland, ndipo mapu a pakhoma pa kalasi yake akumuuza kuti dziko lonse ndi munda wa kwawo. Kuwerenga kumene akatswiri athu akukutcha kopanda ndale ndi kuwerenga kwa mnyamata ameneyo. Akatiuza kuti tisiye mbiri yathu pakhomo, akutiuza kuti tibwereke yake.

Tsopano tibwere kwathu. Kuchokera pa Namitambo, Mbombwe si kutali. Ku Mbombwe ndi kumene John Chilembwe anakhazikitsa Providence Industrial Mission mu 1900, atabwera kuchokera ku America. Anapitako mu 1897 ndi Joseph Booth, mmishonale amene chaka chomwecho anasindikiza buku lotchedwa Africa for the African, ndipo anakaphunzira pa sukulu yaubusa ya anthu akuda ku Lynchburg, m'dera la Virginia. Amishonale akuda a ku America, Landon Cheek ndi Emma DeLany, anadzagwira naye ntchito ku Mbombwe komweko. Mukuona? M'busa wakuda wophunzira, dzina lake John, wokhala pa ubale ndi mipingo ya anthu akuda a ku America, amene pamapeto pake anatenga zida. George Shepperson ndi Thomas Price, m'buku lawo la mbiri ya Chilembwe lotchedwa Independent African la mu 1958, anakuona kufanana kumeneku. Buchan analemba zaka zisanu nkhondo ya Chilembwe isanachitike, choncho sankanena za iye. Koma mwana wa ku Chiradzulu sangawerenge za Laputa osaona nkhope imene ili pa K2000 m'thumba mwa bambo ake. Mukamuletsa kuiona, mukumuuza kuti atseke maso kuti awerenge bwino. Zoona zimenezo?

Kufanana kuli apo, koma phunziro lenileni lili pa kusiyana. Chinautsa anthu a kuno n'chiyani mu 1915? Sunali mkanda, sinali mfumu ya m'nthano. Kumpoto kwa Mbombwe kunali esiteti ya Magomero, maekala opitirira 160,000, ya banja la A. L. Bruce, mdzukulu wa David Livingstone. Woyang'anira wake anali William Jervis Livingstone. Ambiri mwa anthu okhala m'esitetimo anali Alomwe amene anawoloka kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala. Analibe malo awoawo, ndipo kuti akhale pamenepo ankalipira ndi thukuta lawo m'minda ya thonje. Mawu akuti thangata, amene kwa makolo ankatanthauza kuthandizana pa ntchito, azungu anawasandutsa goli: mwezi wa lendi, mwezi wa msonkho, ndipo miyeziyo inkatalika monga wafunira bwana. Bruce sankafuna sukulu m'malo mwake, ndipo nyumba zopemphereramo zimene anthu a Chilembwe ankamanga m'esitetimo zinkatenthedwa. Kenaka mu 1914 kunabwera nkhondo ya azungu okhaokha, Angerezi ndi Majeremani, ndipo ku Karonga mu Sepitembala chaka chimenecho kunafa asilikali akuda. Mu Novembala Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi akufera nkhondo imene si yawo, ndipo boma linaitsekereza kalatayo.

Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anakantha. Ku Magomero ndi ku Mwanje anapha azungu atatu, mmodzi mwa iwo Livingstone, koma akazi ndi ana awo sanawapweteke. Gulu lina linapita ku Mandala, ku Blantyre, kukafuna mfuti. Mishoni ya Nguludi inatenthedwa. Pa 3 Febuluwale Chilembwe anawomberedwa chakufupi ndi malire a Mozambique. Anthu pafupifupi 40 ananyongedwa kapena kuwomberedwa ataweruzidwa mwachangu, ndipo pafupifupi 300 anaponyedwa m'ndende. Tchalitchi cha njerwa cha ku Mbombwe asilikali anachiphulitsa.

Tsono bwererani m'buku la Buchan mutanyamula zimenezi, mufufuze. Inde, Laputa amadzudzula azungu polalikira m'phanga muja, ndipo chakumapeto David amavomera mongodutsa kuti anthu akuda anali ndi madandaulo awo. Koma kodi mlembi amatilowetsa m'nyumba ya mmodzi yekha mwa anthu zikwizikwi otsatira Laputa? Kodi timaona munda umene unalandidwa, mayi amene mwamuna wake watengedwa kukagwira ntchito nthawi ya dzinja, mwana amene sukulu yake yatsekedwa? Sitiona. Timaona khamu la anthu opanda maina, opanda maliro, opanda ana, ongotengeka ndi ulaliki ndi matsenga. Apa ndiye pagona bodza la bukuli. Silinama pa zimene lanena zokha, likunama kwambiri pa zimene lasiya. Likachotsa chifukwa, kuukira kumaoneka ngati misala. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Buchan akutionetsa munthu akuthyola chitseko usiku, koma za m'mimbamo wangoti zii. Wowerenga wa ku Namitambo, amene agogo a agogo ake anadziwa thangata ndi msana wawo, amamva kuti pano pasowa kanthu. Kumva kumeneko si ndale. Ndi kuwerenga kwenikweni, kuposa kwa katswiri amene sanaone kuti pasowa kanthu.

Taonaninso moto wa m'mbali mwa nyanja uja. Phunziro limene mwana wa mzungu ankatolapo n'lakuti munthu wakuda wophunzira ndi chinyengo: kolala yaubusa ndi chigoba chabe, m'kati muli mfiti. Maganizo amenewa sanathere m'mabuku. Nkhondo ya Chilembwe itatha, azungu ambiri a minda analoza chala maphunziro a mishoni, ati ndiwo aononga anthu akuda. Komiti yofufuza imene boma linakhazikitsa inavomera mu 1916 kuti ku Magomero anthu ankazunzidwa, komabe inaloza chala mipingo yoima payokha ndi kupempha kuti iziyang'aniridwa. Pakati pa ophedwa ndi boma panali John Gray Kufa, mkulu wa mpingo wa Blantyre Mission wodziwa ntchito ya chipatala, ndi Duncan Njilima, munthu wamalonda. Awa anali anthu ovala jekete, owerenga Baibulo, odzilimira minda yawo. Sanabise ufiti pansi pa jekete. Chimene jekete linawapatsa ndi maso oona kuti chilungamo chimene Baibulo likunena sichikufika pakhomo pawo.

Nanga mathero a bukuli? Chuma chitapezeka, kudera lija kukumangidwa sukulu yaikulu ya anthu akuda, ndipo mlembi akuneneratu kuti si yopangira abusa ndi aphunzitsi ayi, koma yophunzitsa ulimi ndi ntchito zamanja, azungu ali patsogolo. David naye akutsimikiza kuti chosiyanitsa mzungu ndi munthu wakuda ndi mphatso yosenza udindo. Wa ku Edinburgh akutseka buku mtima uli mbee, ati onani chifundo chathu. Wa ku Namitambo akuseka chapansipansi. Pajatu ku Mbombwe munthu wakuda anali atamanga kale sukulu zake, akuphunzitsa kuwerenga, kusoka ndi kulima, popanda mzungu womuimirira kumbuyo. Dzina lenilenilo la mishoni yake likunena za ntchito zamanja. Udindo anausenza yekha, ndipo anthu amene ankati munthu wakuda sangasenze udindo ndi omwe anabwera ndi zophulitsira. Panapita zaka mpaka 1926 kuti Dr Daniel Malekebu aloledwe kutsegulanso mishoniyo. Tsamba lomwelo limene likutonthoza wowerenga mmodzi likutukwana mnzake.

Ndikudziwa zimene anzanga otsutsa anene. Choyamba ati: koma Buchan anamulemekeza Laputa, anamupanga chimphona, munthu wanzeru ndi wolimba mtima, moti David yemwe amamusirira. N'zoona. Koma mlenje naye amatamanda mkango, makamaka chikopa chake chikakhala pakhoma. Ukulu wa Laputa uli m'bukumo kuti ukulitse kamnyamata ka m'sitolo kamene kanamugonjetsa. Ndipo taonani kuti mlembi sanapeze njira ina yomuthera munthu wamkulu chotere koma imfa. Munthu wakuda wamkulu ali moyo, akulamula kwawo, analibe malo m'mutu mwa Buchan.

Chachiwiri ati: musaweruze munthu wa mu 1910 ndi maso a lero, inali nthawi yake. Nthawi ya yani? Chilembwe sanali wa nthawi yomweyo? Booth sanali wa nthawi yomweyo? Bambatha? Amayi a ku Magomero amene ankatola thonje? Onsewa ankapuma mpweya wa chaka chomwecho, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti zimene zikuchitikazo n'zoipa. Mawu akuti inali nthawi yake amatanthauza kuti nthawiyo inali ya azungu okha, enafe tinali mitengo ya m'mbali mwa njira. Sitikumuweruza Buchan ndi maso a lero. Tikumuweruza ndi maso a anthu a m'nthawi yake amene iye sanawafunse. Mlandu suola.

Chinua Achebe wa ku Nigeria anafotokozapo kuti ali mwana wa sukulu ankawerenga mabuku otere, Prester John ali m'gulu lomwelo, ndipo ankakhala mbali ya azungu, n'kumaipidwa ndi anthu akuda a m'nkhanimo. Anadzazindikira atakula kuti m'nkhani zimenezo iye sanali mzungu wolimba mtimayo koma mmodzi wa khamu lija. Ngati zinamuchitikira munthu amene anadzalemba Things Fall Apart mu 1958, kuli bwanji mwana wathu amene mphunzitsi wake akumuuza kuti kufunsa mafunso otere n'kusaphunzira?

Nkhaniyi ili ndi mbali inanso, pamene buku lathu lapita kwa iwo. Mu 1933 kunatuluka Nthondo, buku la m'chinenero chathu lolembedwa ndi Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, limene linapambana pa mpikisano wokonzedwa ndi bungwe la ku London loona za zinenero za mu Africa. Ndi nkhani ya munthu mmodzi, kubadwa kwake, kupulupudza kwake, maulendo ake, ufumu wake ndi kutembenuka mtima kwake. Thomas Cullen Young atalimasulira m'Chingerezi mu 1934, mutu wake unasanduka Man of Africa, ndipo mawu otsogolera analemba ndi Julian Huxley, katswiri wa sayansi ya zamoyo. Mwaona? Kwathu Nthondo ndi Nthondo, mwana wa uje, wa mudzi wakuti. Atawoloka nyanja dzina lake linagwera m'madzi, iye n'kusanduka chitsanzo cha Mwafrika aliyense, chinthu choti anthu ophunzira achiyeze. Iwo powerenga buku lathu sanasiye mbiri yawo pakhomo. Nanga ife tisiyirenji yathu powerenga lawo?

Wina asandimve molakwa n'kuyamba kufuna machesi. Sindikuti bukuli liletsedwe. Ife Amalawi tikudziwa kumene njira imeneyo imathera. Lamulo la 1968 linabala bungwe lounika mabuku ndi mafilimu, ndipo kwa zaka zambiri anthu ochepa ankatisankhira choti tiwerenge. Jack Mapanje anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Amene anapsa ndi moto umenewo sangapemphenso kuti buku lililonse libisidwe. Prester John awerengedwe, ndipo awerengedwe kwambiri, chifukwa ndi kalilole woonetsa m'mene mtsamunda ankaganizira pamene ankadziyesa wachifundo. Zikalata za boma zimakuuza chimene anachita. Buku lotere limakuuza chimene ankadziuza yekha kuti agone tulo.

Sindikutinso kuwerengera pa Namitambo ndiye kungoombera m'manja chilichonse chimene wathu anachita. Mbiri yomweyo imene ikutipatsa maso ikutiuzanso kuti mutu wa Livingstone unadulidwa pamaso pa mkazi wake, ndi kuti Lamulungu m'mawa Chilembwe analalikira mutuwo uli m'tchalitchi. Ikutiuza kuti anthu ambiri a dera lomweli sanamutsatire, ndi kuti amene anamusaka ndi kumuwombera anali akuda anzake ovala yunifolomu ya boma. Wowerenga wa kuno ayenera kusenza zonsezi pamodzi, osatayapo chimodzi. Ndiye chifukwa chake ndikuti kuwerenga kwake n'kolemera kuposa kwa mnyamata wa ku Edinburgh. Uja anali ndi ngwazi imodzi ndi mdani mmodzi. Wathuyu ali ndi achibale mbali zonse ziwiri za mfuti.

Tsono pempho langa lili kwa anthu atatu. Kwa aphunzitsi: mukapatsa ana buku lililonse la nthawi ya atsamunda, musayambe ndi kuwaloweza maina a apangankhani. Yambani ndi kuwafunsa kuti akanakhala m'nkhanimo akanaima pati, ndipo ndani m'bukumo sanapatsidwe pakamwa. Kwa osunga mabuku: pambali pa Buchan ikanipo Strike a Blow and Die ya George Simeon Mwase, Mmalawi amene analemba za Chilembwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 ngakhale bukulo linadzasindikizidwa mu 1967. Ikaniponso Magomero ya Landeg White ya mu 1987, ndi maumboni a mu 1915 amene John McCracken anasonkhanitsa n'kutulutsa mu 2015. Mwana awerenge onse, aweruze yekha. Kwa ife olemba: kudandaula za Buchan n'kosavuta. Ntchito yeniyeni ndi kulemba chimene iye anasiya. Mayi wa Chilomwe amene anawoloka malire mwana ali kumbuyo, kapitawo amene ankalemba matikiti a thangata mtima ukumutsutsa, msilikali amene anatumidwa kukasaka m'busa wa kwawo, onsewa akudikira cholembera chathu, ndipo akudikira m'Chichewa, m'Chilomwe ndi m'Chiyao.

M'masiku a Chilembwe munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu pamsewu. Pali chithunzi cha mu 1914 chimene Chilembwe waima ndi mmishonale John Chorley pa tchalitchi cha ku Mbombwe, chipewa chili kumutu. Samson Kambalu, mmisiri wa kwathu konkuno, anaumba chipilala kuchokera pa chithunzi chimenecho, ndipo mu Sepitembala 2022 chinaimikidwa pa Trafalgar Square, pakati penipeni pa London. Pamsewu tinaleka kale kuvula zipewa, ndipo pa 15 Januwale paliponse timapuma pokumbukira munthu amene anakana kuvula. Koma pamaso pa buku lochokera kunja ambirife timavulabe, n'kupinda mawondo, n'kunena kuti ife ndani kuti tifunse. Amene akutiuza kuti tiiwale Magomero tisanatsegule tsamba loyamba akutiuza kuti tivulenso. Mwana wa pa Namitambo awayankhe mwaulemu, monga analeredwera, kuti pepani akuluakulu, buku ndiwerenga mpaka kumapeto, koma chipewa changa chikhala pomwe chili.